Malo Makumi Atatu ndi Awiri

Mvula ya ku Quellón sidziwa kukata.
Yagona padenga la ofesi ya matikiti kuyambira Lolemba,
nanenso ndachezera pansi pake, pampando wa Nelsa,
nsapato zanga zikuuma pafupi ndi mbaula.

Mlandu wake ndi uwu.
Dzulo kunafika mayi wosenza matumba awiri a mbatatesi
nati ndine Hermenegilda Huenchullán Barrientos.
Nelsa analemba lonse, sanadulepo.
Makina anameza, anatsamwa,
nalavula tikiti yonena kuti sitima inanyamuka kale
m'chaka chimene mayiyo anali asanabadwe.

Abdón Cárcamo ndiye analuka laibulale imeneyi
ine ndikadali kusukulu ya mkaka.
Pa dzina la munthu anasiya malo makumi atatu ndi awiri.
Sindimuda. Lake limalowamo kawiri.
Masiku ano amaweta nkhono za m'nyanja, foni sayankha.

Ndawerenga ndi chala pagalasi:
zilembo ndi mipata, makumi atatu ndi zisanu,
koma ka á kovala nthenga kaja kamadya malo a awiri,
ndipo kumapeto kumafunika ziro,
mlonda wosaoneka wouza makina kuti
basi, dzina lathera pano.
Zisanu zinasefukira kwa mnansi.
Mnansiyo anali tsiku la ulendo.

Ndiye ndalemba tintchito tanga.
Kena kamayamba kayeza mtsuko kasanathire.
Kena kamalumikiza mawu awiri osaponda achitatu.
Kobwereka malo m'memole sikanavute,
kubwereka aliyense amatha.
Kamene kandidyera usiku ndi kobweza:
ubweze kamodzi, osati kawiri,
ndipo ukabweza usadzerenso kukasuzumira pazenera
ngati nyumbayo ikadali yako.

Itakwana thuu koloko ndinalamula kuti imangidwe.
Mizere inatsika ngati nyerere zothawa madzi,
kenaka zii.
Cholakwa chimodzi, machenjezo khumi.
Cholakwacho chinali changa, kadontho koiwalika pamzere wa 214.
Machenjezo ambiri anali a Abdón,
okalamba, onyalanyazidwa, ngati chifuwa chimene banja linachizolowera.
Ndinawatola limodzilimodzi.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero,
ngakhale za Abdón zilibe maso n'komwe.

Ndinaiyesa ndi dzina lopanda chilembo.
Ndinaiyesa ndi la chilembo chimodzi.
Ndinaithira la mayi uja katatu motsatizana
ndipo inakana mwaulemu: sizikwana, ndibwereke malo ena?
Ndinaseka ndekha, galu wa padoko anauwa.

Kuiika m'malo mwake kunafuna mawu achinsinsi.
Nelsa anawalemba kunsi kwa chitini cha shuga.
Mafayilo anapita kwawo, wina uku, wina uko,
koma makina anapitiriza kuitana laibulale yakale
ngati wamasiye woitana dzina la malemu pakhomo.
Ndinachita kuwauza kuti awerengenso kaundula wawo.
Anawerenga. Anavomera.

Pali mzere umodzi wa Abdón umene sindinafufute,
suchita kanthu, ndi mawu chabe osiyira wobwera m'mbuyo:
izi n'zongoyembekezera, ndidzakonza Lachisanu.
Pansi pake ndalembapo tsiku la lero.

Faifi koloko. Injini za sitima zayamba kung'ung'udza.
Nelsa walowa akukutumula ambulera,
ndipo woyamba pamzere ndi yemwe uja,
anagona kwa msuwani wake, matumba ali pomwepo.
Dzina latuluka lonse,
nthenga ili pamutu pa á, tsiku ndi la lero.

Ine mtima uli m'mwamba kudikira kuti aliwerenge.
Sanayang'anepo n'komwe.
Wapinda tikitiyo kanayi, waisomeka m'chipewa,
nafunsa Nelsa ngati mbatatesi nazonso zimalipira.