Botolo Lachisanu ndi Chinayi

Magetsi athimanso ku Luwinga.
Ndaunika ndi tochi ya foni,
chifunga cha Juni chikunyambita mawindo a labu.

M'botolomo muli ulusi wa pulasitiki,
woonda kuposa ndevu za chimanga,
womira m'madzi a kashiamu ndi fosifeti.
Ndikuunyengerera uiwale kuti kwawo n'kufakitale,
uitane mchere, kanjere ndi kanjere,
monga achitira mwana m'mimba
poumba nthiti zake
popanda womulangiza.

Masabata asanu ndi limodzi ndakolola phala lokhalokha.
Lero nsonga ya singano yakana kulowa.
Pamera kanthu koyera, kopyapyala ngati chigoba cha dzira.

Mlongo wanga Chawanangwa ali gone kuchipatala,
ntchafu inaphwanyika pansi pa njinga yake ya kabaza pa Katoto,
mwendo uli pachingwe, thumba la mchenga likulendewera.
Dzulo anandifunsa akuseka:
"Fupa langa lija lapsa?"

Silinapse, achimwene.
Mwina pa mwendo wanu silidzafika n'komwe.
Komabe ndalemba m'kope tsiku ndi ola,
zala zitauma ndi kuzizira.
Ndapukuta singano pa malaya,
ndabayanso.

Yakananso.