Kangolo ka m'kabati

Kankakhala kuseri kwa galasi,
pakati pa makapu a alendo ndi chithunzi cha ukwati,
kangolo kachitsulo, kofiira ngati tomato wa pa Kamwendo,
akavalo anayi kutsogolo, miyendo ili m'malere,
kuthamanga zaka makumi atatu osasuntha.

Atate anakagula ku Chipata
tsiku lomwe anadutsa pa Mwami kukandigulira nsapato.
Anabwerako opanda nsapato.
Amayi sanawalankhule mpaka Lachinayi.
"Taonani dzina lili pabokosipa," iwo amvekere,
"si lomwe lija lili m'mbali mwa basi yathu?"
Anali kondakitala a Gelesomu,
wa basi ya mbandakucha yopita ku Lilongwe,
wodziwa dzenje lililonse la mumsewu
ngati ndi mbale wake.

Ife kukakhudza kunali kuputa mkwapulo.
Koma Loweruka, akatha kumwa tiyi, ankakatulutsa,
kukapukuta ndi mpango wa m'thumba,
kutsegula kachitseko ndi chikhadabo.
M'katimo timipando tiwiri toyang'anizana.
"Kwerani, kwerani, malo alipo!
Wa mbuziyo apite pamwamba."
Kamunthu ka chipewa chotambalala kogwira zingwe
anakatcha Sikelo, dzina la dalaivala wawo
amene sankaimira ngakhale apongozi ake.

Sankalidziwa dziko lomwe ngolo zotere zinkayenda,
kapena eni minda amene fumbi lake linkawakuta.
Ankangoti kumeneko nakonso kuli malire,
ndipo pa malire aliyense ali ndi kamtolo
komwe safuna kuti kamasulidwe.

Mabasi aja atatha anabwerera ku mtedza.
Gudumu limodzi linasowa chaka cha njala,
iwo n'kuikapo batani la jekete ya kuntchito.

Mwezi watha, titangochoka kumanda,
mphwanga Yotamu anakajambula pa foni.
Akuti kunja kuli anthu otolera zoterezi,
amalipira madola osanenerera,
bola bokosi likhalepo, magudumu akhale ake enieni.
Bokosilo amayi ankasungiramo mbewu ya therere
mpaka chiswe chinalimaliza.
Yotamu anapukusa mutu, n'kunyamula wailesi.

Ine ndakabweretsa kuno ku boma,
pawindo loyang'ana njanji
imene udzu waizolowera kuposa sitima.
Utoto wa padenga unayamba kalekale kusupuka
pomwe chala chawo chinkatsamira.

Usiku wathawu magetsi atazima
Tiyanjane wanga anakwera pampando, n'kukatsitsa.
Ndinamva batani likukwekwereza pa simenti,
akavalo onse anayi akupendekera kumanzere,
Sikelo ali gwa, osatembenuka.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire.
Mawu amene anatuluka sanali anga:
"Mukatsikira pati, mayi?"