Makiyi Khumi ndi Atatu

Kanjira kathu ku Ulongwe n'kopapatiza:
njinga ikasenza matumba awiri a mbatatesi
imakhula makoma uku ndi uku.
Kamayambira pa mpope wa a Belarimino
n'kukatulukira kuseri kwa chigayo,
pomwe magalimoto a ku Kalomwe amaitanira anthu.

Mu Juni, chisanu chikuluma m'mafupa,
batire la sola linasowa kwa a Esperansa.
Kenako mabulangete atatu pachingwe, akadali kudontha.
Nkhumba ya a Zefaniya inapita osalira n'komwe.
Tinakumana pansi pa mtengo wa mapeyala,
aliyense mkwiyo wake m'manja,
mlembi wa dera n'kunena mawu amodzi: tsekani.

Khomo lililonse mametikali mazana awiri.
Anabwera Jasinto ndi moto wake wobaya m'maso,
ana akusuzumira m'mipata ya zala.
Pofika madzulo zipata ziwiri zinali njo,
utoto wobiriwira ukununkha,
loko wamkulu ngati chibakera.
Makomo tilipo khumi ndi anayi,
makiyi anadula khumi ndi atatu.
Mayi Filomena sanasonkhe,
ndalama inathera ku mankhwala a mwana.
Akachedwa ku msika amagogoda pawindo langa
ngati mlendo wopempha malo,
pamene nyumba yawo ndi iyo, ikuoneka denga.

Sindinama, tinagona tulo.
Miyezi itatu osasowa ngakhale supuni.
Nsapato zinagona pakhonde n'kudzuka pomwepo.
Mkazi wanga analeka kulowetsa ndowa m'nyumba.
Koma usiku, kuseri kwa khoma la tchalitchi,
mfuu ya wakubaa! inayamba kumveka kawirikawiri,
ndipo a Donasiano a kumeneko
anandiimika pogula buledi:
"Mwasesa bwino pakhomo panu, achimwene,
zinyalala mwakankhira kwathu."
Ndinalipira buledi, yankho ndinalibe.

Wamakala analeka kudutsa.
Mtsikana wa tomato uja, wa mawu ngati belu,
amaitanira kutali tsopano.
Ana a sukulu amazungulira ku chigayo,
kufika m'kalasi ufa uli m'tsitsi.
Kanjira kanangoti zii.
Sitinkadziwa kuti odutsa aja anali maso athu,
kuti phazi la mlendo nalonso limalondera.

Usiku wina mwana wa a Zefaniya matenda anamuyamba,
njinga yamoto ikulira kunja kwa chipata,
ife mkati kufufuza m'matumba a mabuluku,
tochi ya foni ikunjenjemera.
Kiyi wanga anali m'beseni, pansi pa zovala zonyikidwa.
Khandalo linabadwa bwino, Mulungu ngwabwino,
koma dzina analipatsa Chatsekedwa.

Ndiye mu Okutobala, mvula isanagwe,
simbi yanga yositira inachoka pawindo.
Ndinathamangira ku chipata: loko ali chitsekere,
osakandika, osapindika.
Kumtunda nakonso chimodzimodzi.
Ndinaima pakati pa kanjira, dzuwa likutuluka,
n'kuyamba kuwerenga zitseko
ngati munthu wowerenga mano a ng'ona.

Tsopano timalonjerana ndithu,
mwadzuka bwanji, kaya inu,
koma diso limatsikira kuthumba la mnzako.
Ena akuti tisinthe loko.
Ena akuti tiike mabotolo osweka pamwamba pa khoma.
A Esperansa akuti vuto ndi anyamata ogona ndi njala,
geti silidyetsa munthu.
A Belarimino akuti bola simbi imodzi
kusiyana ndi nkhumba mwezi ndi mwezi,
ndipo mwina akunena zoona.

Ine ntchito yanga ndi naini koloko.
Ndimakoka chitsulo, chimalira ngati mbuzi,
ndimadikira pang'ono ngati Mayi Filomena sanalowe.
Kenako khethe.
Ndimagwedeza kawiri kuti nditsimikize,
n'kubwerera mumdima, kiyi akuzizira m'dzanja,
osadziwa amene ndam'tsekera kunja,
osadziwa amene ndadzitsekera naye.