Mathireyi a Mazira

Ku Mchini, m'kachipinda momwe kale munkagona njinga,
ndakhoma mathireyi a mazira khoma lonse.
Laputopu ndinagula kwa Masauso, yobenthuka pakona,
ikangoyaka imatentha ngati mbaula.

Masauso akuti: tenga pulogalamu ya akatswiri,
ya mabatani ochuluka ngati nyerere pa shuga.
Ndinaiika. Makina anatsokomola kawiri, nakomoka.
Ina ikufuna madola mwezi ndi mwezi,
kwa ine wodalira makwacha a matimati pa Kapata!

Ndasankha yaulere, yotuwa nkhope,
yodziwa kujambula, kudula, kumata, basi.

Usiku Tilyenji anaima pa maikolofoni,
mwana kumsana ali m'tulo,
naimba nyimbo ya malemu atate ake,
kamodzi kokha,
magetsi asanathawe.

M'mawa uno mawu ake ndikuwaona pagalasi,
timapiri tobiriwira, Kanjala m'dzinja.
Pakati pa mzere wachiwiri pali galu wa aneba,
kenako mpweya uja anakoka
asanatchule dzina.

Galuyo ndadula.
Koma mpweyawo,
chala chili pa batani
chiyambire sikisi koloko.