Khutu la Kumanzere

Anatipatsa masabata atatu:
lengani munthu amene sanabadwepo,
koma woti akaonekera pa sikirini
wodutsa aganize zomupatsa moni.

Ndinasankha mmalinyero wokalamba,
poti kuno ku Valparaíso
ukatsegula zenera, sitima ndi izo padoko.
Ndinayamba ndi chigaza, monga mwa lamulo,
mzere wa maso pakatikati pa mutu,
mphuno, nsagwada, khosi.
Cholembera cha pulasitiki chinkaterereka pagalasi
osakanda, osanunkha utoto,
ndipo ndinkagona manja ali mbee
ngati munthu amene waswera osagwira kanthu.

Usiku wachisanu ndi chimodzi anatulukira,
wosalala see ngati kandulo,
masaya ofanana ngati mapasa,
maso akuyang'ana kopanda kanthu.

Mayi Olivares anaima kumbuyo kwanga,
khofi wawo akuzirala m'manja.
"Ignacia, uyu ndi chidole cha m'sitolo ya zovala.
Wamupaka mtundu umodzi ngati khoma.
Zimitsa makinawo, pita ukaone anthu."

Ndinakwera chikepe chakale chija
chimene chimakwawa paphiri ndi njanji yake yolira.
Kasanu ndi kawiri ndinakwera ndi kutsika,
makobidi akutha m'thumba,
ndikuba nkhope ya don Eleodoro, wa pachipata.
Pachibwano pomwe anameta m'mawa
panali pobiriwira ngati mkuwa wakale.
Dzuwa likamudzera kumbuyo
makutu ake ankayaka psuu.
Pansi pa maso, pepo.
Jekete yabuluu inkamuthira mtundu wake pakhosi
iye osadziwa.
Chikope chimodzi chinatopa kuposa chinzake.
Ulendo womaliza anandifunsa
ngati ndataya kanthu kumtundako.

Ndinabwerera ku galasi langa.
Mapepala oonekera ndinawasanjikiza makumi anayi,
maina ake: khungu, khungu lina, khungu lenileni,
khungu lenileni lomaliza.
Ndipo pali batani lija lobweza.
Ukalakwitsa, dinani, cholakwa chazimiririka,
dinani, dinani, mpaka ubwerere
pomwe unali usanayese n'komwe.
Ndinalidina mpaka chala chinachita dzanzi,
ndipo nkhalamba yanga inkabadwa ndi kufa
kakhumi pa ola limodzi,
osapeza mpata wokalamba.

Lachinayi, agalu a m'makwalala atasiya kuuwa,
ndinamata kapepala pabatanipo.
Chimene chalakwika usiku uno chikhale.
Dzanja linatsetsereka pansidze,
mzerewo ndinausandutsa chipsera.
Zofiira zinachuluka pamphuno,
ndinati ndi mphepo ya panyanja.
Ndinakuza chithunzi mpaka diso linadzaza sikirini,
n'kuika kadontho ka kuwala, osati koyera,
kotuwa pang'ono, konyowa,
ndipo nditachepetsanso
anali akundiyang'ana.

Kenako khutu.
Linatuluka lopindika pamwamba,
lotalikira mutu ngati chogwirira cha kapu.
Chala chinathamangira ku batani,
chinapeza kapepala.
Ndinakhala duu.
Khutu ili ndikulidziwa.
Ndinkaliona kuchokera kumpando wakumbuyo m'galimoto,
ndinkalikoka ndili paphewa,
linapita ku migodi ya kumpoto ndili ndi zaka khumi
ndipo kuyambira pamenepo limamva mawu anga
kawiri pachaka, pafoni.
Sindinaliitane. Linabwera lokha m'dzanja.

Tsiku lopereka ntchito
nkhope makumi awiri zinayaka pakhoma la kalasi,
mafumukazi a zida, anyamata a maso asiliva,
pakona nkhalamba yanga yopanda dzina.
Mayi Olivares anasendera pafupi,
magalasi ali pamphumi,
anakuza, anachepetsa, anakuzanso.
"Mthunzi wa pakhosi walemera, uupepuze.
Ndevuzi wazipesa ngati udzu wa pabwalo la mpira.
Mphuno ikadali yako yakale ija."
Anayenda mapazi awiri, n'kutembenuka.
"Khutulo usalikhudze."