Mtambo wa Eni

Akuti zithunzi zathu zili mumtambo.
Ine wa pa Chitakale mitambo ndimaidziwa:
imagona pa Sapitwa,
m'mawa n'kutsikira m'minda ya tiyi
osafunsa dzina la munthu.

Uwu wokha uli ndi eni
kutsidya kwa nyanja,
amene akakangana za mafuta ndi mizinga
amatseka chitseko, makiyi m'thumba.

Ndiye ndagula kompyuta yakale kwa Namaona.
Ikulira ngati njuchi pansi pa bedi.
Muli mawu a malemu bambo,
ngongole za banki m'khonde,
ndi kalata ija sindinatumize kwa Esinala.

Magetsi akathima, nayo imathima.
Bola.
Mdima umenewo ndi wanga,
palibe akuusuzumira.