Nyongolotsi ya ku Mabvuku

Munda wanga ulibe chikalata.
Ndi kachigamba chabe pansi pa mawaya a magetsi,
kuseri kwa Mabvuku, kumene fumbi la simenti
limagona pa masamba ngati ufa wotayika.
Bambo anga a Jailosi, mtchona wa ku Bembeke,
ankalima pomwepa akaweruka kwa bwana,
zaka makumi atatu akutapa osabweza,
mpaka nthaka inanyanyala, n'kutseka pakamwa.

Khasu limene anandisiyira n'lopindika mlomo.
Ukatema pansi linkalira ngati wamenya njanji.
Mvula ikagwa sinkapempha malo,
inkangodutsa ngati kombi yodzaza,
itanyamula kadothi kotsala kutsikira nako kudambo.
Chimanga chinkalekera m'mawondo,
chachikasu, chamanyazi.
Feteleza? Mukafunse mwini nyumba
ngati angadikire lendi mpaka Epulo.

Ine ndimagulitsa tomato ku Mbare.
Msika ukamabalalika madzulo
ndimatola zimene anzanga ataya:
makabichi ovunda, makoko a nthochi,
mapeyala opondedwa ndi ngolo.
Kondakitala amatsina mphuno, n'kulengeza m'Chishona
kuti mayi wa ku Malawi wanyamula maliro m'thumba.
Ndimalipira mpando wachiwiri.
Sindiyankha.

Mu Ogasiti, kamvulumvulu akuvinitsa majumbo,
ndinayamba kukumba maenje,
lililonse kukula kwake ngati mbale ya mlendo.
M'menemo dzanja limodzi la zitosi
za nkhuku za kwa a Nanzunga,
kaphulusa ka m'mbaula,
zovunda za ku Mbare zitapsa bwino,
pamwamba udzu wouma, monga tifunditsira wodwala malungo.
Matuza anatuluka, anaphulika, anasanduka zikang'a.
A Mutasa a munda wa kumtunda, atatsamira njinga yawo,
anandifunsa ngati golideyo tigawana.

Chaka choyamba chiswe chinadya udzu wonse.
Ndinachitukwana.
Sindinadziwe kuti ndalemba waganyu wosafuna malipiro,
woboola tinjira toti madzi atsikiremo.
Chaka chachiwiri anyamata osaka mbewa
anatentha mapesi anga Loweruka masana,
ndinapeza munda wameta mpala.
Ndinakhala pa mwala mpaka mdima,
m'mawa mwake n'kukamweta udzu wina m'mbali mwa njanji.

Kenaka msuweni wanga Nachuma anatumiza nandolo
m'kabotolo ka mafuta ophikira,
pa basi yodzera ku Tete ndi ku Nyamapanda.
Ndinamubzala pakati pa mizere.
Nandolo ndi mlendo waulemu:
amakhala chilili chilimwe chonse, osapempha madzi,
akuyoyola masamba pansi
ngati munthu wobweza ngongole ya eni ake.

Januwale wapitayu kunachita ng'amba.
Masabata atatu kumwamba kuli mbee.
Chimanga cha a Mutasa chinapinda masamba ngati ndudu.
Ine ndinapisa dzanja pansi pa udzu,
ndinamva kuzizira
konga kwa mtsuko wa kuseri kwa chitseko.
Dzulo lake a Mutasa anabwera, njinga ataisiya kunyumba,
chipewa chili m'manja:
dzenje ndi dzenje, mumasiya mapazi angati?

Lero m'mamawa, ndikupalira mphepete,
khasu lalowa lokha, osalira,
latembenuza dothi lakuda, lonunkhira mvula,
ndipo m'menemo, nyongolotsi.
Imodzi yokha.
Yofiirira, yonyowa, ikudzipinda pa chikhatho changa.
Ndaima nayo ngati wolandira kalata ya kumudzi.
Bambo, inu amene munagona kuno osaonanso Dedza,
nthaka ija yatsegula pakamwa.

Ndikudziwa, mwina mawa kubwera anthu a zikhomo ndi zingwe
kudzayeza mapuloti,
adzati pano mpa fodya, amayi chokani.
Zimenezo n'za mawa.
Ndagwada, ndaibweza pamalo pake,
ndaifunditsa udzu.
Kombi ya ku Mbare ikuimba kale hutala pa msewu,
ndipo thumba langa lopanda kanthu
lili m'khwapa.